Mame Amene Sadakamuke

Pa ntchito yanga yomasulira pali mawu angapo a Chingerezi amene amandiimitsa nthawi iliyonse ndikakumana nawo, ndipo ena mwa iwo ndi akuti "alien". M'mafilimu a nkhani zopeka za sayansi, mawuwa amanena cholengedwa chochokera kudziko lina la m'mlengalenga. M'mabuku a zamalamulo amanena munthu amene si nzika ya dziko limene akukhalamo. Chingerezi chimanyamula matanthauzo onse awiri m'thumba limodzi osaona vuto, koma Chichewa chimandikakamiza kusankha. Ndikalemba kuti "mlendo", ndamuyalira kale mphasa, pakuti mlendo timamulandira katundu n'kumutungira madzi. Ndikalemba kuti "wobwera", ndamukumbutsa kuti pano pali eni ake. Ndikalemba kuti "chilombo", ndauza anyamata kuti atenge zibonga. Motero womasulira amakhala ataweruza mlandu filimu isanayambe n'komwe.

Funso limene ndikufuna kulisinkhasinkha ndi ili: munthu amene wafika pakati pathu kuchokera kwina tili naye ngongole yanji, nanga chilendo chake chimatha liti? Pofunsa chonchi ndili ndi malo amodzi m'maganizo. Malowo ndi Selous, dera la mafamu a fodya ndi chimanga m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pamsewu wa Harare ndi Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu. Kumeneko kuli makomboni amene Chichewa chakhala chikuyankhulidwa kwa mibadwo itatu kapena inayi, ndipo ambiri mwa ochiyankhula adakula atanyamula m'thumba chitupa cholembedwa mawu omwe aja a m'mafilimu.

Mafilimu ambiri a mtundu umenewu amatipatsa alendo a mitundu itatu. Woyamba ndi mdani. Mu Independence Day ya 1996 zombo zikuluzikulu zimaima pamwamba pa mizinda n'kuiotcha popanda kukambirana, ndipo mu Alien ya 1979 cholengedwacho chimaswera m'thupi la munthu. Wachiwiri ndi mphunzitsi kapena mpulumutsi. Mu The Day the Earth Stood Still ya 1951, Klaatu amatsika ku Washington kudzachenjeza anthu za zida zawo zankhondo. Wachitatu ndi wosochera, wofunika chifundo, monga kanthu kaja ka mu E.T. ya 1982 kamene ana amakabisa m'nyumba. Mitundu itatu yonseyi imadzutsa funso limodzi m'kamwa mwa akuluakulu a boma ndi asilikali a m'filimumo: kodi akufuna chiyani? Ndi funso la mwini nyumba amene wamva kugogoda usiku. Wogogodayo kawirikawiri sitimva maganizo ake.

Nkhani ya mlendo mdani ili ndi muzu wodziwika. Buku la H. G. Wells lotchedwa The War of the Worlds lidayamba kutuluka m'magazini mu 1897, n'kusindikizidwa lathunthu mu 1898, ndipo mafilimu ake odziwika adapangidwa mu 1953 ndi mu 2005. M'mutu woyamba Wells amakumbutsa owerenga ake zimene Azungu adachita kwa eni dziko la Tasmania, kuti asafulumire kudzudzula zolengedwa za ku Mars. Cholinga chake chidali choti Mngelezi alawe kukhala mbali inayo ya mfuti.

Tikaika zaka zimenezi pambali pa mbiri ya Selous, nkhaniyo imasiya kukhala yopeka. Deralo lili ndi dzina la Frederick Courteney Selous, mlenje wa njovu amene adatsogolera njira gulu la Pioneer Column, lotumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, mpaka kudzakweza mbendera pa Fort Salisbury mu September 1890. Mzungu aliyense wa m'gululo adalonjezedwa munda wa maekala 3,000 ndi malo 15 okumbapo golide, m'dziko limene anthu ankalimamo kale. Mu 1893 mfuti za Maxim zidapulula ankhondo a Lobengula. Mu 1896 Ashona adaukira, ndipo amodzi mwa malo amene moto udayambira adali kwa mfumu Mashayamombe, kufupi ndi mtsinje wa Mupfure, m'boma lomweli limene kale linkatchedwa Hartley. Mfumuyo idaphedwa mu 1897, chaka chomwe anthu a ku London ankawerenga mwezi ndi mwezi za makina a miyendo itatu akuotcha midzi ya ku England. Zimene kwa iwo zidali nthano yochititsa nthumanzi, ku Mashonaland zidali maliro.

Ichi n'chifukwa chake ndikamaonera filimu ya adani ochokera kumwamba sindiseka mantha ake. Manthawo ali ndi maziko. Katswiri wa sayansi Stephen Hawking adachenjezapo mu 2010 kuti kufika kwa zolengedwa zoterezi kungafanane ndi kufika kwa Columbus ku America, kumene sikudawakomere eni dziko. Chondidabwitsa n'chakuti amene amajambula manthawa kwambiri ndi zidzukulu za ofikawo. Wakuba mbuzi ndiye amamanga khola lolimba, chifukwa amadziwa mmene makola amathyoledwera.

Filimu imene imandikhudza monga womasulira ndi Arrival ya 2016, yopangidwa ndi Denis Villeneuve kuchokera ku nkhani yaifupi ya Ted Chiang ya 1998. Zombo 12 zimatera m'malo osiyanasiyana padziko, ndipo boma la America limaitana katswiri wa ziyankhulo, Louise Banks, kuti akaphunzire kulemba kwa alendowo. Dziko limatsala pang'ono kulowa m'nkhondo chifukwa cha liwu limodzi: alendo akuti abweretsa chinthu chimene chingamasuliridwe kuti chomenyera nkhondo, kapenanso chogwirira ntchito. M'Chichewa msampha umenewo tili nawo kale m'liwu lakuti "chida". Khasu ndi chida, mkondo ndi chida, ndipo nkhwangwa imakhala uku ndi uku malinga ndi dzanja limene laigwira. Mchewa akamva kuti mlendo wabwera ndi chida sathamangira kubisala. Amayamba wafunsa kuti chida chanji.

Koma Arrival imakhulupirira kwambiri kuti anthu akangomvana chiyankhulo ndiye kuti mtendere wapezeka. Mbiri ya dziko limene muli Selous imatsutsa chikhulupiriro chimenecho. Pa 30 October 1888, Lobengula adaika chizindikiro chake papangano la Rudd Concession, ndipo womasulira adalipo, m'busa Charles Helm wa London Missionary Society. Papepala padalembedwa mfuti 1,000, zipolopolo 100,000 ndi mapaundi 100 mwezi uliwonse, posinthana ndi ufulu wokumba miyala yonse ya mtengo wapatali. Pasanathe nthawi yaitali Lobengula adakana panganolo, nati zimene adauzidwa pakamwa zidasiyana ndi zolembedwa, mpaka adatumiza nduna zake kwa Mfumukazi Victoria. Mawu adamasuliridwa, koma dziko lidapita. Womasulira ali ngati mlatho, ndipo mlatho susankha owolokapo. N'chifukwa chake funso lakuti "akunena chiyani" liyenera kuyenda limodzi ndi lakuti "wamphamvu ndani pano, ndipo atuluka ndi chiyani".

Pali mlendo wachinayi amene mafilimu samupatsa malo kawirikawiri. Iyeyu sadabwere kudzalanda, sadabwere kudzaphunzitsa, ndiponso sadasochere. Adachita kuitanidwa kuti adzagwire ntchito. Minda ya Ashona itasanduka mafamu, eni mafamu adasowa manja. Bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu ankalitcha chibalo, lidayamba mu 1903 kusonkhanitsa antchito ochokera kumpoto kwa Zambezi. Ku Nyasaland msonkho wa nyumba ndi thangata zinkakankha amuna kuti achoke. Ankayenda pansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, ulendo wa ku Halale. Pambuyo pake kudabwera magalimoto a Ulere ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene kwathu linkadziwika kuti Mthandizi, ndipo m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, njirayo idangosanduka mseu. Amene sadabwererenso, kumudzi adawatcha machona.

Agogo anga aamuna adali mmodzi wa iwo. Adachoka ku Ntcheu ali mnyamata, poganiza kuti akagwira zaka ziwiri, agule njinga ndi bulangete, abwerere. Adafera pafamu ina ya ku Selous atakalamba, zala zitadetsedwa ndi fodya wa munthu wina. Azakhali anga adabadwira pakomboni yomweyo. Chishona amachiyankhula ngati madzi, ku Malawi adangopitako kamodzi kumaliro, ndipo kumeneko anthu ankawanena kuti ndi a ku Halale. Komabe chitupa chawo kwa zaka zambiri chidali ndi mawu aja akuti "alien". Adandifunsapo tsiku lina kuti, "Iwe wophunzira, tandiuza, mawu amenewa akuti ndine wa kuti?" Yankho loona lidali lakuti mawuwo sanena kumene munthu akuchokera. Amangonena kuti si wa pano.

Mawu apachitupa ali ndi mano. Kulanda mafamu kutayamba mu 2000, antchito ambiri adataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi, ndipo ochepa okha ndi amene adalandirako minda. Anzawo Achishona ankatha kubwerera kumidzi ya makolo awo. Mdzukulu wa mchona adalibe kolowera. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, lidafuna kuti aliyense amene angathe kukhala ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale munthuyo asadapondeko m'dzikolo. Ambiri adachotsedwa m'kaundula wa ovota chisankho cha March 2002 chisanafike. M'zaka zomwezo Robert Mugabe adanyozapo anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, ngati kuti a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe adachita kugwa ndi mvula. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Koma lamulo limafuna mapepala, ndipo amene adabadwira m'nyumba ya udzu kuseri kwa mabalani a fodya nthawi zambiri alibe chikalata cha kubadwa. Lipoti la Amnesty International la 2021 lidapeza kuti vutoli likadalipo, ndipo limapatsirana kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

Taonani mmene maina adagawidwira. Mlendo amene adabwera ndi mfuti dzina lake lili pachikwangwani cha pamsewu, ndiponso pafakitale yosungunulira platinamu ya kampani ya Zimplats m'dera lomwelo. Mlendo amene adabwera ndi khasu, mdzukulu wake ndiye adatsala ndi dzina la chilendo.

Filimu imene idayandikira nkhani imeneyi ndi District 9 ya 2009, ya Neill Blomkamp. Chombo chimaima pamwamba pa Johannesburg, m'kati mwake muli zolengedwa zodwala ndi zanjala, ndipo boma limaziunjika m'zisakasa zozingidwa ndi waya. Dzina la filimuyi limakumbutsa District Six ya ku Cape Town, imene boma la tsankho lidalengeza mu 1966 kuti ndi ya Azungu okha. Blomkamp adafotokozapo kuti pojambula kafilimu kake koyamba ka nkhaniyi, Alive in Joburg, ankafunsa anthu enieni maganizo awo pa obwera ochokera ku Zimbabwe ndi ku Nigeria, mayankhowo n'kuwaika ngati akunena zolengedwa zakumwamba. Sipadafunike kusintha liwu. Mu May 2008 ziwawa zodana ndi obwera, zoyambira ku Alexandra, zidapha anthu 62, ndipo Amalawi ambiri adathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Komabe filimu yomweyi, imene imatipempha kumvera chisoni zolengedwa zonga nkhanu, imajambula anthu a ku Nigeria ngati zigawenga zodya anzawo, mpaka boma la Nigeria lidauza nyumba zoonetsera mafilimu kuti zisiye kuionetsa. Kuchitira chifundo mlendo wongopeka n'kosavuta, chifukwa sadzabwera kudzapikisana nawe pamzere wofunsira ganyu.

Chimene chimagwirizanitsa mafilimu ambiriwa ndi mathero ake. Za ku Mars zimafa ndi tizilombo toyambitsa matenda. Za mu Independence Day zimaphulitsidwa. Klaatu amakwera chombo chake, E.T. amapita kwawo, zombo za mu Arrival zimazimiririka, ndipo mu District 9 ngakhale mwana wobadwira ku Johannesburg amanyamuka ndi bambo ake. Ilipo Alien Nation ya 1988, m'mene akapolo ochokera kumwamba amakhazikika ku Los Angeles n'kuyamba ntchito, koma zoterezi n'zowerengeka. Kwa opanga mafilimu ambiri, nkhani ya mlendo imatha iye akachoka kapena akafa. Nafenso tili ndi mwambi wa maganizo omwewo: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu ndi wabwino, umatiphunzitsa kupirira ndi kupatsa. Koma kupatsa kwake kwatsamira pa lonjezo lakuti dzuwa likakwera mlendoyo sadzakhalapo. Nanga mame akapanda kukamuka? Akalowa m'nthaka, n'kumeretsa mbewu, n'kukhala ndi manda a ana ake pamenepo?

Wina anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Anganene kuti eni dziko ali ndi ufulu wosamala pakhomo pawo, kuti Lobengula adalandira alendo n'kutaya ufumu, ndiponso kuti eni mafamu ankakonda antchito obwera chifukwa chakuti ankalandira malipiro ochepa pamene Ashona ankakana kulimira amene adawalanda minda. Zonsezi ndi zoona, ndipo mkwiyo wa munthu wolandidwa munda sindingaupeputse. Koma mfundoyi imatiuza choyenera kuyeza. Selous ndi agogo anga onse adachokera kutali, choncho mtunda sutithandiza kuwasiyanitsa. Chowasiyanitsa ndi mphamvu imene aliyense adabwera nayo, chimene adatenga, ndi chimene adasiya. Mmodzi adasintha malamulo a dziko kuti amukomere. Winayo adagonjera malamulo amene adawapeza, ngakhale omupondereza. Kuwatcha dzina limodzi ndi kulanga wofooka pa mlandu wa wamphamvu. Ndipo mwana wobadwira pamalopo sadafike n'komwe kuchokera kulikonse. Kumutcha mlendo ndi kumupatsa ulendo umene sadayende.

Mfundo imeneyi imatiluma ifenso. Dziko la Malawi lidasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, ndipo timanyadira mbiri imeneyo. Koma mu May 2023 apolisi ndi asilikali adasonkhanitsa othawa kwawo amene ankachita malonda ku Lilongwe ndi m'matauni ena n'kuwabweza ku Dzaleka, m'boma la Dowa, msasa umene udatsegulidwa mu 1994 ndipo lero uli ndi anthu opitirira 50,000, kuposa kwambiri chiwerengero chimene udakonzedwera. Pakati pawo pali achinyamata obadwira m'Malawi, oyankhula Chichewa chopanda chilema, amene timangowatcha Maburundi mosasamala kumene makolo awo adachokera. Liwulo limagwira ntchito yomwe limagwira liwu lakuti Mabhurandaya, limene abale athu amatchedwa ku Zimbabwe potengera dzina la Blantyre. Amene amalira m'bale wake akanyozedwa ku Chegutu kapena ku Durban ayenera kumva kuwawa komweko pa Dzaleka.

Makolo athu adali ndi njira yawoyawo yojambulira mlendo, ndipo machona adapita nayo kumafamu. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ndipo ku Zimbabwe amatchedwa zvigure, ndi nkhani ya zolengedwa zochokera kwina zimene zimalowa m'mudzi. Timazitcha zilombo, ana amazithawa, koma mudzi umaziyalira bwalo, amayi amaziimbira, ndipo maliro aakulu satha popanda izo. Mzungu atafika, Anyau adamusema: Simoni wa nkhope yofiira, Maliya wa kumishoni, ngakhale galimoto imene. Chachilendo chilichonse chidapatsidwa ng'oma yake ndi malo ake pabwalo, kuti anthu achiyang'anitsitse, achiseke, achiphunzire. Mantha alipo, koma sathera pa kupha. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kangakucheke, kangakumetenso bwino, ndipo sungadziwe usanamulole mwini wake kukhala pansi.

Palinso chinthu china chimene oyankhula Chichewa ambiri sadachimve. Mu 1977 bungwe la NASA lidatumiza m'mlengalenga zombo ziwiri za Voyager, chilichonse chitanyamula chimbale chokutidwa ndi golide. Komiti yotsogoleredwa ndi Carl Sagan idaikamo moni m'ziyankhulo 55, ndipo chimodzi mwa izo ndi Chinyanja. Moniwo ndi waufupi: umafunsa okhala kumaiko enawo kuti ali bwanji, ndipo umawatchula kuti anthu. Voyager 1 idatuluka m'dera la mphepo ya dzuwa mu 2012, ndipo ikupitabe. Ngati tsiku lina wina adzatola chimbalecho, adzamva chiyankhulo chathu chikumupatsa umunthu tisanaone nkhope yake, tisanadziwe chida chimene wanyamula.

Kwathu mlendo sitimufunsa chimene wadzera ali chiimire. Timamupatsa pokhala, timamupatsa moni, kenako ndiye timamva za ulendo wake, ndipo akabwera ndi zoipa bwalo limakhalapo loti limuweruze pa zochita zake. Akakhalitsa, mfumu imamuonetsa pomanga ndi polima, ana ake n'kukhala ana a m'mudzi. Dongosolo limeneli tidalitumiza kale kunyenyezi m'mawu ochepa. Chotsala n'chakuti lifike pawindo la ofesi yolembera zitupa, kumene mdzukulu wa mchona wa ku Selous ndi mwana wobadwira ku Dzaleka akadaimabe pamzere.